Tirigu Wamera pa Manda a Ana

Yandoolka,
South Australia.
21 Juni, 2009.

Mng'ono wanga Valmai,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako. Uli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu anga a Neville? Chifuwa chija chinawasiya, kapena akadali kubisa mankhwala kuseri kwa wailesi monga mwa khalidwe lawo? Ndamva kuti ku Ulverstone kwazizira kwambiri chaka chino, ndiye usamatuluke m'mawa ndi kajuzi kako kopyapyala kaja ngati ukadali namwali. Iwenso wakula tsopano, ngakhale sufuna kuuzidwa.

Ine bondo likupola. Anandiika lachitsulo ku Adelaide mwezi watha monga ndinakuuzira, ndipo nditatuluka m'chipatala ndinakhala kwa mwana wako Janine mpaka nditayamba kuyenda ndi ndodo imodzi. Janine anandisamala bwino, kungoti tiyi wake ndi madzi enieni, komanso ankandiletsa ngakhale kutsuka kapu yanga yomwe. Ndinabwerera kuno kumayambiriro kwa mwezi uno. Mvula inagwa bwino ine ndili uko, anthu onse adzala, nkhosa zikuswa. Kumbali ya minda chaka chayamba bwino ndithu.

Ndikanatha kukuimbira foni, ndipo ndinainyamula kangapo n'kuibwezanso. Nkhani iyi pakamwa ikukana kutuluka, n'chifukwa chake ndatenga cholembera. Ngati waima, khala pansi kaye. Manda a Heather atayika, Valmai. Sindikudziwanso pamene mwana wanga wagona.

Ndikufotokozera bwinobwino kuchokera poyambira, chifukwa ineyo mutu sunakhazikike, ndipo ndikalumpha china sundimva.

Ukudziwa kuti zaka zingapo zapitazi tinayambitsa bungwe losamala manda akale aja ali kuseri kwa munda wathu, kumene kunagona makolo amene anayamba kutsegula minda kuno. Khonsolo inali itawataya, udzu unkafika m'chiuno, ziliza zina zitagwa chafufumimba. Wapampando wathu ndi Dulcie Pascoe, uja ankayendetsa basi ya ana a sukulu, ndipo mpaka lero amatilamula ngati tikadali m'basi mwake. Timakumana Loweruka loyamba la mwezi uliwonse. Akazife timatsuka ziliza ndi burashi yofewa ndi madzi okha, amuna amawongola zopendekeka kwinaku akukangana za mmene akanaziwongolera bwino. Tikamaliza timamwa tiyi ndi masikono kumbuyo kwa pikiapu ya wina aliyense. Ndinkaikonda ntchito imeneyi, sindinama.

Kumtunda kuli ziliza za akuluakulu, zolembedwa mayina. Kumunsi, chakumunda kwathu, n'kumene kuli ana. Kuli ana a m'nthawi ya miliri yakale ya pakhosi ija, ndi ana onga wanga, obadwa atafa kale. Kumeneko kunalibe chiliza ngakhale chimodzi, ndipo ana otere sankalembedwa paliponse. Manda aliwonse ankadziwika ndi miyala yoyera yoikidwa mozungulira, kabotolo ka maluwa, ndi zimene mayi wake anadzalapo. Banja lililonse linkangodziwa pake.

Za Heather sindikuuza zachilendo, iwe unalipo. Unali kamtsikana pamene unabwera kudzandithandiza kulera Rodney ine ndili wodwala, chaka cha 1971. Anamwino anamuchotsa osandionetsa, ati ndikamuona ndivutika kwambiri. Iwe unawakakamira mpaka anakulola, unamuveka kajuzi kamene amayi analuka, n'kudzandiuza kuti anali ndi tsitsi lakuda ngati la abambo. Munakamuika awiri, iwe ndi alamu ako a Merv, ine ndikadali chigonere m'chipatala, opanda m'busa chifukwa sanabatizidwe. Nditachira alamu ako anandionetsa malowo, ndinazunguliza miyala ndi manja anga, ndipo chaka chotsatira ndinadzalapo nthambi ya duwa la rozi ya kukhomo kwa amayi. Pofika pamenepo ndinkangotsata mpanda kuchokera pa polo lalikulu la pangodya mpaka pa rozi. Ndikanafikapo ngakhale nditatsinzina.

Mpanda umenewo ndiwo wayambitsa zonsezi. Mapolo ake anali ataola, nkhosa zinkalowa n'kumadya maluwa, ndiye bungwe linapempha kukhonsolo ndipo anatipatsa mapolo ndi waya watsopano. Loweruka lomaliza ndisanapite ku Adelaide, amuna anazula mpanda wonse wa mbali ya kumunsi, polo la pangodya lomwe, ati adzaimika watsopano Loweruka lotsatira. Ine ndinafunsa kuti bwanji osazula pang'onopang'ono, akazula chigawo aimike chatsopano pomwepo. A Clarrie Hentschke, amene ali ndi abale awo amapasa kumunsi komweko, anandiseka. Ati, “Lorraine, anthu awa akhala phee zaka zana, ndiye athawe sabata imodzi?” Tonse tinaseka, inenso ndinaseka nawo.

Mkati mwa sabata yomweyo mvula inagwa. Ukudziwa mmene alili mlimi wa kuno mvula yoyamba ikagwa, ngakhale nyumba itayaka amati tidzazimitsa tikadzala. Aliyense anathamangira ku thirakitala yake, mapolo atsopano anangokhala chiunjikire pachipata, ndipo kumandako sikunapondenso munthu mwezi wathunthu.

Munda tsopano akuyendetsa ndi mwana wako Rodney. Iye amadzala minda ikuluikulu ya kutsidya kwa msewu ndi makina ake atsopano, ndipo bambo ake amawasiyira thirakitala yakale, makina akale odzalira, ndi kamunda kakang'ono kogundana ndi manda kaja, kuti asamamuyende m'miyendo. Akhala akutero zaka zingapo ndipo sipanakhalepo vuto. Alamu ako alima kamunda kameneko kuyambira ali mnyamata.

Loweruka loyamba la mwezi uno Dulcie anadzanditenga pa galimoto yake chifukwa sindinayambe kuyendetsa. Njira yonse ankandiuza za mpongozi wake wosadziwa kuphika. Titakhota pa mitengo ija, pamene manda amayamba kuonekera, anasiya mawu pakati n'kuponda mabuleki. Ine ndinkayang'ana pansi, kukonza mbale ya masikono pamiyendo kuti isagwe. Nditadzutsa mutu ndinaganiza kuti tasochera njira.

Kumtunda ziliza zinali chilili monga kale. Kumunsi kunali tirigu. Mizere yobiriwira, yowongoka bwino, kuchokera m'munda mwathu kulowa m'manda mpaka kukafika pa mzere woyamba wa ziliza, pamene makina anakhota mwaluso osakhudza chiliza ngakhale chimodzi. Panalibe mtumbira, panalibe mwala, panalibe duwa. Nthaka yonse inali yosalala ngati pabwalo la mpira. Dulcie anachita kundigwira kuti nditsike.

Pangodya ya kumunsi panali mulu wa miyala yoyera. Valmai, mulu umenewo sindinachite kufunsa mwini wake. Ikuluikulu pansi, ing'onoing'ono pamwamba, m'mbali mosalala ngati khoma. Ndi mmene alamu ako amaunjikira miyala akaitola m'munda asanadzale, ndipo dera lonse lino palibe wina amaunjika choncho. Pamwamba pa muluwo panali rozi wanga, mizu ili m'mwamba, tsinde litasupuka pamene anamanga tcheni pomuzula, monga amazulira zitsamba zaminga m'munda. Pambali anandandalika timabotolo ta maluwa tonse, mzere umodzi, osasweka ngakhale kamodzi. Timabotolo timeneto ndito tinandipweteka koposa zonse. Munthu anawerama, n'kutola kabotolo kalikonse mosamala, osadzifunsa kuti kakutani pamenepo.

Ndinalowa m'tiriguyo ndi ndodo yanga. Ndinkati miyendo ikumbukira yokha, si ndayenda njira imeneyi zaka zonsezi. Ndinayenda n'kuima pamene mtima unandiuza, ndinayang'ana uku ndi uko, ndipo panalibe chosiyanitsa pamenepo ndi pena paliponse. Ndinasendera kutsogolo, napo panaoneka ngati pomwepo. Ndinabwerera m'mbuyo, chimodzimodzi. Polo la pangodya kulibe, ngakhale dzenje lake linakwiririka. Ndikudziwa kuti ali penapake pa malo aakulu ngati nyumba yathu ino, koma m'malo omwewo muli ana a anthu ena ambiri.

Anthu ena a bungwe anali akufika. Ankangotsika m'magalimoto n'kuima, manja lende. A Clarrie atafika anafiira nkhope yonse, anatukwana mawu amene sindingalembe, ati amene wachita izi ndi chilombo, ati akupita kupolisi pompano. Maso awo anali pa mulu wa miyala uja, ndipo anthu onse anali atauzindikira monga ndinauzindikirira ine. Dulcie anawauza kuti atseke pakamwa, ati mpandawo anazula ndi iwo omwe, ndipo ndi iwonso anatsogolera kuthawira kumunda. A Clarrie anayankha kuti mpanda kapena opanda mpanda, Merv Nitschke amawadziwa manda amenewa kuposa munthu aliyense, agogo ake ndiwo anapereka malowo. Ankanena zoona. Masikono aja tinabwerera nawo osatsegula.

Kunyumba ndinawapeza alamu ako ali pakhonde akusoka chipewa chawo. Anandimwetulira, ati mwabwera msanga, a Dulcie akutulutsani lero? Ndinkati ndikangowaona ndiwakalipira mpaka adziwe kuti ine ndine ndani, ndipo ukudziwa kuti pakamwa panga sipachedwa. Koma nkhope yawo inalibe kalikonse, Valmai. Inali nkhope ya munthu amene wagona bwino ndipo sakubisa kanthu. Ndinachita mantha, ndinawadutsa n'kulunjika kushedi kwa Rodney.

Rodney nditamuuza anakhala pansi pa chigubu cha mafuta. Kenako zinayamba kutuluka. Ati anaona kuti bambo ake athera mbewu yambiri kuposa imene kamundako kamadya, koma anangoti makina akalewo akudontha. Ati ine ndili ku Adelaide, bambo ake anasiya chipata chotsegula kawiri nkhosa n'kutulukira kumsewu. Iwe ukuwadziwa alamu ako pa nkhani ya chipata, anakukalipirapo iwe wemwe uli mlendo. Ati tsiku lina masana anawapeza ataimika thirakitala pamphambano, injini ikulira, akufunsa kuti njira yakwathu ndi iti. Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze. Ati, “Mayi, munali ndi bondo lanu, ndimati muchire kaye.” Ndinafuna kumuwomba khofi, bambo wa ana atatu, koma dzanja silinanyamuke.

Nanenso zinayamba kundibwerera. Chaka chathachi akhala akuitana galu wathu ndi dzina la galu amene anafa kalekale. Anandifunsapo kawiri tsiku limodzi ngati tameta kale nkhosa. Ine ndinkangoti ndi ukalamba, n'kumawaseka kuti tsiku lina adzaiwala buluku. Zitachitika za kumandazi tinapita nawo kwa adokotala ku Port Lincoln, anawafunsa mafunso ndi kuwajambula m'mutu, ndipo anatiuza zimene tinali titaziona kale. Ndi matenda aja oiwala, ndipo akuti sabwerera m'mbuyo. Rodney wachotsa kachitsulo kena mu injini ya thirakitala n'kuwauza kuti yawonongeka. M'mawa uliwonse amanyamula masipanala kukaikonza, ndipo ine ndimawayang'ana pawindo.

Bungwe linaitanitsa msonkhano ku holo Lachitatu lotsatira. Holo inadzaza, kunabwera ngakhale anthu amene sanagwirepo burashi chiyambire. A Clarrie anali atakonzeka, anaimirira Dulcie asanamalize n'kupemphera komwe, ati nkhaniyi isakwiriridwe chifukwa choti wolakwayo ndi mnzathu, ati amayi awo anamwalira akuwalira amapasawo. Atakhala pansi ndinaimirira ine ndi ndodo yanga. Ndinanena kuti anachita ndi amuna anga, sindikukana, ndipo ndinanena zimene adokotala anapeza. Ndinawauzanso kuti ngati pali wina akufuna kupita kupolisi apite, koma andidikire tipitire limodzi chifukwa nanenso mwana wanga ali pansi pa tirigu yemweyo. Ambiri achinyamatawa sankadziwa n'komwe kuti rozi uja anali wa mwana wanga.

Titatuluka a Clarrie ananditsekereza pakhomo, chipewa chili m'manja. Iwo ndi alamu ako anayamba kumetera limodzi nkhosa ali anyamata. Anangoti, “Mlongo wanga, mpanda uja ndinazula ndine.” Ine ndinati inde, munazula ndinu. Sindinathe kuwapepesa, ndipo mwina ndinalakwa, koma tsiku limenelo ndinalibe chifundo chotsala choti ndigawire munthu. M'mawa mwake anasonkhanitsa amuna, ndipo mpanda umene unakanika mwezi wathunthu unaima dzuwa lisanalowe. Anauimika moyerekeza, chifukwa pamene panadutsa wakale palibe akudziwa bwinobwino.

Zimene anagwirizana pa msonkhano ndi izi. Tiriguyo ena ankati apoperedwe mankhwala afe, koma akazi tinakana kuthira poizoni pamwamba pa ana, ndiye adzazulidwa ndi manja Loweruka loyamba la Ogasiti. Dulcie anafunsa kwa anthu ena a ku Adelaide amene ali ndi makina oona pansi pa nthaka, koma anamuuza kuti timabokosi ta makanda, m'nthaka ya miyala ngati yathuyi, kawirikawiri sitioneka. Ena akuyembekeza kuti maluwa awo aja a mizu yonga anyezi adzaphukanso n'kuwaonetsa malo, koma Rodney akuti makina odzalira aja amakoka zinthu kuzisiya patali. Choncho banja lililonse lapatsidwa chikhomo chopakidwa penti yoyera, kuti likakhome pamene likukhulupirira kuti mwana wawo ali, lisanafike tsiku lozula tirigu. Pamene paime chikhomo ndi pamene bungwe lidzaike kachitsulo kolembedwa dzina, ndipo zikadzatero zatero.

A Clarrie anakakhoma kale zawo ziwiri. Ati sakutsimikiza, koma amayi awo kulibe oti awatsutse. Mabanja enanso akhoma. Changa chili pamwamba pa kabati m'khitchini, ndimachiona ndikamaphika. Ndapita nacho kawiri n'kubwerera nacho. Ndikangoti ndikhome, ndimaganiza kuti mwina ndikhala ndikuika maluwa pa mwana wa a Hentschke moyo wanga wonse, wanga ali pambali pomwepo osalandira kanthu. Dulcie akuti ndisadzizunze, ana onsewo ndi amodzi pamaso pa Mulungu. Ndinamuuza kuti pamaso pa Mulungu inde, koma ine si Mulungu. Ine sindinamuone nkhope mwana uja, sindinamunyamule, chimene ndinali nacho ndi malo okhawo.

Chiyembekezo changa chinali pa alamu ako omwewo. Adokotala anati matendawa amayamba ndi za dzulo, zakale zimachedwa kuchoka. Ndipo dzenje lija anakumba okha ndi mgwala, m'miyala, m'mawa wonse, iwe unaona. Munthu ameneyu akhoza kukuonetsa pamene nkhosa yakutiyakuti inafera chaka cha chilala, m'munda wopanda mtengo ngakhale umodzi. Ndinkati ndikawaimika pamalopo tsiku limene mutu wawo uli bwino, mapazi awo adzapita okha.

Lamulungu lapitali anadzuka bwino kwambiri. Kutchalitchi anapatsa moni aliyense ndi dzina lake, anaimba nyimbo zonse osayang'ana m'buku, anaseka ndi a Clarrie za mpira. Titaweruka ndinapempha Rodney kuti atisiye kumanda awiriwiri adzatitenge pambuyo pake. Chikhomo ndinachibisa m'chikwama.

Titalowa pachipata anaima n'kuyang'ana tiriguyo mokondwa. Anagwada, anakumba ndi chala kuti aone kuya kwa mbewu ndi chinyontho, ati amene anadzala pano ntchito amaidziwa, taonani mizere yake. Kenako anakwinya nkhope, ati koma ndi chitsiru chiti chaimika mpanda pakati pa munda wa mwini. Ndinawagwira dzanja n'kuyenda nawo mpaka pakati, pamene ndimaganizira paja.

Ndinati, “Bambo a Rodney, pano si munda. Pano ndi manda a ana. Heather wagona pano, ndipo munakumba ndinu. Ndionetseni pamene munamuika.”

Anavula chipewa. Anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenako anayang'ana kumtunda kuli ziliza, ndi kumunsi kuli mulu wa miyala, monga amachitira akamayeza munda ndi maso. Ndinali nditalowetsa kale dzanja m'chikwama, nditagwira chikhomo.

Kenako ananditembenukira n'kufunsa motsitsa mawu kuti, “Mwana wa yani?”

Ndinangoti ndi mwana wamkazi, anabadwa atafa kale.

Anapukusa mutu. “Zachisoni bwanji. Nanga amayi ake ali bwanji? Pali amene wapita kukawaona?”

Valmai, zaka zonsezi munthu ameneyu sanatchulepo dzina la mwana uja, ndipo sanandifunsepo kuti ndikumva bwanji. Atachoka kokamuika anapita kukameta nkhosa, ndipo ine ndinaphunzira kusaiyambitsa nkhaniyo. Ndinali nditawakhululukira kalekale, amuna a nthawi imeneyo ndi mmene analili. Ndiye andifunse lero, ataima pamwamba pa mwana wawo, ngati akufunsa za mkazi wa kutsidya kwa msewu. Ndinawayankha kuti ayi, palibe amene wapitako.

Ati, “Si bwino zimenezo, amayi a Rodney. Munthu sasiyidwa yekha pa zinthu zotere. Muphike kanthu, mawa tipite tikawaone.”

Ndinati chabwino, ndiphika. Anavala chipewa, anandigwira pachigongono kuti ndisagwe ndi bondo langali, n'kumanditsogolera pakati pa mizere, akundichenjeza kuti ndisaponde tirigu wa eni ake. M'mawa mwake anali ataiwala, ananyamula masipanala awo n'kupita kushedi.

Chopempha changa ndi chimodzi chokha, mng'ono wanga. Bwera lisanafike Loweruka loyamba la Ogasiti. Ndikudziwa kuti ndege umaiopa, kwera sitima yapamadzi kuchokera kuchilumba kwanuko mpaka ku Melbourne, Janine wati akakutenga kumeneko pa galimoto. Sindikuti ukumbukira malo enieni, unali mwana ndipo unkalira, ndipo papita zaka zambiri. Koma pa dziko lonse lapansi watsala iwe wekha amene unamuona Heather n'kudziwa kuti analipo. Udzaime nane pamenepo, udzagwire chikhomocho ine ndikhome. Pamene udzanene ndidzavomera, ndipo sindidzakufunsa ngati ukutsimikiza.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Neville, kwa ana onse ndi zidzukulu, ndi kwa achimwene a Trevor pamodzi ndi akazi awo. Azakhali a Merle uwapatse moni wokha, za nkhaniyi usawauze, mtima wawo sungapirire. Rodney ndi banja lake akupereka moni. Usachite kulemba, ungoimba foni undiuze tsiku, ndipo ukamva kuti ndangokhala chete usadule.

Ndine mkulu wako,
Lorraine.